LUSO NDI NTCHITO: Mwana wa ku Blantyre amene adasoka mzinda wa Joni

Mabasi onyamuka pa Wenela mumzinda wa Blantyre kupita ku Johannesburg amayenda usana ndi usiku, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, asanakatsitse anthu pa Park Station. Dzina loti Wenela ndi chikumbutso cha bungwe lija linkalemba amuna ntchito ya m'migodi ya golide, ndipo mpaka lero munthu akamveka kuti walowera ku Joni, abale ake amaganiza za ntchito ya thukuta. Kale udali mgodi, masiku ano ndi kusamala maluwa pakhomo pa bwana, kuphika, kulondera kapena kumanga nyumba. Za singano palibe amaziganizira. Komatu mwa anthu obadwira ku Malawi amene akukhala mumzindawu, mmodzi amene dzina lake lafika kutali kwambiri amadyera singano, ulusi ndi sizasi. Iyeyu ndi Billie Zangewa, ndipo nsalu zimene amasoka zikusungidwa m'nyumba zikuluzikulu za zaluso ku London, Paris ndi Washington.

Mbiri yake ikuyenera kufika m'makutu mwa alangizi, atsogoleri a magulu a amayi, ndi makolo amene ali ndi mwana wosamva kuletsa pa nkhani yojambula pakhoma ndi makala. M'mbiriyi muli funso limene limasautsa wophunzira aliyense wa zaluso akangotuluka pachipata cha sukulu: luso walipeza, nanga chipangizo chogwirira ntchito achitenga kuti?

Billie adabadwira ku Blantyre m'chaka cha 1973. Bambo ake adali Mmalawi, mayi ake a ku South Africa, ndipo iye adakulira ku Gaborone m'dziko la Botswana. Mayi akewo ankasoka ndi kupeta nsalu. Kupeta kwake si kwa lichero ayi, koma kuja kokongoletsa nsalu ndi ulusi wamitundumitundu, kumene amayi ambiri adaphunzira m'sukulu za mishoni ndi m'magulu a mpingo. Mayiwo adali ndi gulu la anzawo osoka nawo, ndipo Billie wakhala akufotokoza kuti ankawaonerera ali mwana, n'kumaona momwe mitima yawo inkakhalira pansi akagwira singano. Mwini wakeyo ankakonda kujambula zovala za fashoni papepala. Pensulo ya mwana ndi singano ya amayi zidali m'nyumba imodzi, koma zidatenga zaka zambiri kuti zikumane.

Atakula adapita ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa, mumzinda wa Grahamstown umene kuyambira 2018 ukutchedwa Makhanda. Kumeneko adatenga digiri ya zaluso cha m'katikati mwa zaka za m'ma 1990, ndipo nthambi imene adazamapo idali yokonza zithunzi zosindikiza. Nthambiyi ndi mbale wake wa ntchito imene pa Chingerezi amati graphic design, yokonza zithunzi ndi zilembo za pamapositala, pamabuku, pamapaketi a katundu ndi pazikwangwani. Kagwiridwe kake nkosavuta kukamvetsa kwa munthu amene adaumbapo njerwa. Woumba amakonza chikombole chimodzi, ndipo chikombolecho chimabala njerwa zikwizikwi zofanana. Wosindikiza zithunzi nayenso amayamba ndi chikombole. Ena amasema chithunzi pathabwa n'kupaka inki pamalo amene mpeni sudadutse. Ena amatenga chitsulo chaphanthiphanthi cha mkuwa, kuchikuta ndi phula, kukanda mizere paphulapo, kenaka kuchiviika mu asidi. Asidiyo amadya mkuwa m'mizere yokandidwa yokha, inki imalowa m'timingalande timeneto, ndipo pepala lonyowa likapanikizidwa mwamphamvu ndi makina limayamwa inkiyo, chithunzi n'kutuluka. Njira yachitatu ndiyo yodziwika m'matauni a Malawi, Zambia ndi Mozambique: yodinda malaya a timu ya mpira kapena a tsiku la katemera podutsitsa penti pansalu yopyapyala yokungidwa pafelemu.

M'njira zimenezi muli mwambo umodzi umene wophunzira amaubwereza mpaka kumulowa m'magazi, woti mtundu uliwonse umafuna chikombole chakechake. Wopenta ndi burashi angathe kusakaniza mitundu pansalu pomwepo, kufufuta ndi kuyambiranso. Wosindikiza alibe mwayi umenewo. Asanagwire chitsulo ayenera kuyang'ana nkhope ya munthu n'kuigawa m'maganizo mwake: apa pali mthunzi, apa pali kuwala, apa mpakatikati, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malire ake. Maso ozolowera kugawa chithunzi chotero ndiwo chuma chenicheni chimene Billie adachoka nacho ku Rhodes, ngakhale poyamba chidaoneka ngati chuma chosagula kanthu.

Vuto lidali makina. Makina opanikizira aja ndi olemera, ndi okwera mtengo, ndipo amafuna chipinda chawochawo, inki yapadera, mapepala okhuthala ndi mankhwala. Ku yunivesite zonsezi zimakhalapo. Tsiku lolandira digiri likadutsa chitseko cha chipindacho chimatsekeka, ndipo wophunzira amatsala ngati mlimi amene waphunzira ulimi wothirira pamene kwawo kulibe mtsinje. Ambiri luso lawo limathera pomwepo. Amalowa ntchito ya mu ofesi, digiri n'kukhala yokongoletsa khoma. Billie adabwerera ku Gaborone wopanda makina, ndipo adatola zimene zidali pafupi: nsalu zotsala, singano ndi ulusi. Ntchito zake zoyamba zidali zopeta, zoonetsa zomera ndi nyama za ku Botswana monga ankazikumbukira.

Kuti vuto la makinali silidali la munthu mmodzi zikuoneka pa zimene zidachitika mu Johannesburg m'zaka zomwezo. Kim Berman, wosindikiza zithunzi wa ku South Africa amene ankakhala ku Boston m'dziko la America, ataona kuti Nelson Mandela watuluka m'ndende mu 1990, adagulitsa galimoto yake n'kugula makina amodzi opanikizira, kubwerera nawo kwawo. Mu 1991 iye ndi Nhlanhla Xaba adatsegula Artist Proof Studio, malo oti achinyamata osowa ndalama za yunivesite aziphunzirapo ndi kusindikizirapo zithunzi zawo. Mu March 2003 moto udatentha nyumba yawo ku Newtown ndipo Xaba adafera momwemo, koma anzake adatsegulanso malowo n'kupitiriza kuphunzitsa. Alimi amene amagawana pampu imodzi pa sikimu sangadabwe ndi nzeru imeneyi. Njira ya Billie idali ina: m'malo mosaka makina, adasintha chipangizo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adasamukira ku Johannesburg. Sadafike ngati katswiri. Adagwira ntchito m'makampani a zovala ndi otsatsa malonda, ndipo kwa kanthawi ankaimba nyimbo pa dzina loti Billie Starr. Olemba mbiri za akatswiri amakonda kudumpha zaka zotere ngati zotayika, koma kutero nkulakwitsa. Ntchito yotsatsa malonda imaphunzitsa zimene kalasi siphunzitsa. Chithunzi chiyenera kukola diso la munthu amene ali m'minibasi yothamanga, chiyenera kunena chinthu chimodzi chomveka, ndipo chiyenera kutha pa tsiku limene mwini ntchito wanena, kaya wojambula ali ndi chilakolako kaya alibe. Ntchito ya zovala nayo imaphunzitsa khalidwe la nsalu: iti imatambasuka, iti imayoyoka m'mphepete, iti imasintha maonekedwe kuwala kukaigunda chammbali.

Apa mpamene mzinda weniweniwo udalowererapo. Johannesburg, amene adayamba ngati msasa wa okumba golide mu 1886, ali ndi nyumba zosanja zimene mlendo amathyoka nazo khosi: Carlton Centre ya nsanjika 50, Ponte yozungulira ngati nkhokwe, ndi ina ya galasi lokhalokha pa Diagonal Street yooneka ngati mwala wa dayamondi. Magalasi a nyumba zotere sakhala ndi mtundu umodzi. M'mawa amatenga mtundu wa thambo, madzulo amayaka ngati moto, ndipo galasi lililonse limasiyana pang'ono ndi loyandikana nalo. Billie adapeza tizidutswa ta nsalu ya silika, tija ogulitsa nsalu amaonetsa ogula ngati zitsanzo, ndipo wafotokozapo kuti kunyezimira kwake kudamukumbutsa magalasi amenewo. Tizidutswato tidali ta ngodya zinayi, monganso mawindo a mumzinda.

Silika ndi ulusi wa mbozi. Mboziyo imadya masamba a mabulosi, ndipo ikakhwima imadzikulunga m'kachikwa ka ulusi umodzi wotalika mamita mazanamazana. Mtundu umene Billie adaukonda, wotchedwa dupion, umachokera pa mbozi ziwiri zimene zaluka chikwa chimodzi. Ulusi wawo umapiringizana n'kutuluka wa timfundotimfundo. Kwa wofuna nsalu yosalala chimenechi ndi chilema, koma kwa wojambula ndi mwayi, chifukwa nsaluyo imagwira kuwala mosiyanasiyana, ndipo chidutswa chomwecho chikatembenuzidwa chimaoneka ngati cha mtundu wina.

Adayamba ndi zinthu zazing'ono, zikwama za m'manja za amayi zimene adazisokerera zithunzi za misewu ndi nyumba za Johannesburg. Mu 2004 adalowetsa zikwama zitatu zotere pampikisano wa Absa L'Atelier, atazitcha Faith, Love ndi Hope, kunena chikhulupiriro, chikondi ndi chiyembekezo, ndipo adapata mphotho ya Gerard Sekoto. Mphothoyo idamutumiza ku Paris kukakhala ndi kugwira ntchito kwa miyezi ingapo pamalo a akatswiri otchedwa Cité Internationale des Arts. Dzina la mphothoyi lili ndi mbiri yake. Sekoto, wobadwa mu 1913, adasiya uphunzitsi n'kupita ku Sophiatown kukajambula moyo wa anthu akuda a mu Johannesburg. Mu 1940 nyumba ya Johannesburg Art Gallery idagula chithunzi chake, ndipo aka kadali koyamba kuti nyumbayo igule ntchito ya wojambula wakuda. Mu 1947 adapita ku Paris, ndipo adamwalira ku France mu 1993 osaponda kwawo kachiwiri. Billie adapita ku Paris komweko, koma iye adabwerera.

Kagwiridwe ka ntchito ka Mayi Zangewa, pakuti mwana uja tsopano ndi mayi wa nyumba yake, telala aliyense wa pakhonde angakatsate. Amayamba ndi zithunzi za kamera, kenaka amajambula ndi pensulo papepala lalikulu lopyapyala. Chojambulacho chimasanduka patani. Amadula silika motsata zigawo zake, mthunzi wa patsaya pawokha, kuwala kwa pamphumi pakokha, n'kumasanjika chidutswa pamwamba pa chinzake ndi timapini, kenaka kusoka ndi manja. Nkhope imodzi ingathe kudya zidutswa zambirimbiri. Amene adaphunzirapo zosindikiza amazindikira msanga kuti uku ndi kugawa mitundu komwe kuja kwa ku Rhodes. Chasintha nchakuti inki yasanduka nsalu, ndipo ntchito ya makina olemera aja ikugwiridwa ndi chala ndi singano. Nsalu zawo zambiri adazisokera patebulo la kukhitchini kwawo.

M'midzi chigamba ndi chizindikiro cha usiwa. Mwana wovala kabudula wa zigamba amasekedwa ndi anzake, ndipo telala wodziwa ntchito amayamikiridwa akabisa chigamba kuti chisaoneke. Nsalu za mayiwa ndi zigamba zokhazokha, ndipo sazibisa. Ulusi umaonekera, m'mphepete simupindidwa, ndipo kawirikawiri mbali ina ya chithunzi imasowa ngati kuti nsaluyo idang'ambidwa. Munthu amene adazolowera doilo yolunga bwino ya pampando angayambe waipidwa nazo. Akayang'anitsitsa amapeza kuti malo osowawo ndiwo amamukakamiza kumaliza chithunzicho m'mutu mwake.

Mu 2010 adasoka nsalu yotchedwa The Rebirth of the Black Venus, yoonetsa mkazi wakuda wamtali kuposa nyumba zosanja akutulukira pamwamba pa mzinda wa Johannesburg. Venus adali mulungu wamkazi wa chikondi wa Aroma, ndipo chithunzi chake chodziwika kwambiri nchimene adapenta Sandro Botticelli wa ku Italy m'zaka za m'ma 1480, cha mkazi woyera akutuluka m'nyanja. Mayi Zangewa adaika mkazi wa ku Africa pamalopo, nyanja n'kuisandutsa mzinda. Atabereka mwana wamwamuna maso awo adachoka m'misewu n'kulowa m'nyumba. Temporary Reprieve ya 2017 ikuonetsa mwanayo ali mtulo. In My Solitude ya 2018 ikuonetsa mayi atatsamira pampando, buku lili m'manja. Soldier of Love ya 2020 ikuonetsa mayi akuperekeza mwana kusukulu, ndipo Heart of the Home ya chaka chomwecho ikuonetsa awiriwo ali kukhitchini. Eni akewo amatcha zimenezi daily feminism, kutanthauza ntchito za tsiku ndi tsiku zimene amayi amagwira popanda wowathokoza, chikhalirecho ndizo zimagwiriziza mabanja.

Kulimba mtima kwake kukuoneka munthu akakumbukira kuti kwa zaka zambiri akuluakulu a zaluso ankaika zosoka m'gulu la ntchito zamanja za amayi, zoyenera pamsika wa alendo, ndipo nkhani za kukhitchini ankaziona ngati zazing'ono. Mayiwa adatenga zonyozeka ziwirizo n'kuziphatikiza. Palinso china chimene ogwira ntchito zachitukuko angachione mosavuta. Pamapositala ambiri mayi wa ku Africa amaoneka atasenza mtolo, nkhope ili yachisoni, wojambula ali mlendo amene adangodutsa m'mudzimo ndi kamera. M'nsalu izi mayi akudzijambula yekha, ndipo nthawi zina akungopuma.

Mu 2020 adachita zionetsero ku Galerie Templon mumzinda wa Paris ndi ku Lehmann Maupin mumzinda wa New York, ndipo mu 2021 nyumba ya Museum of the African Diaspora ku San Francisco idasonkhanitsa nsalu zawo za zaka zambiri pa chionetsero chotchedwa Thread for a Web Begun. Ntchito zawo zili m'manja mwa Tate ku London, Centre Pompidou ku Paris ndi Smithsonian National Museum of African Art ku Washington.

Mpofunika kunena mosapsatira kuti nkhaniyi si kalata yoitanira achinyamata ku Joni. Mayi Zangewa adafika mumzindawu ali ndi digiri, akulankhula Chingerezi, ndiponso ali mwana wa mayi wa m'dziko lomwelo. Ngakhale zidali choncho padapita zaka pafupifupi 10 chitulukireni ku yunivesite kuti apate mphotho ya Sekoto, ndi zina 16 kuti afike pa chionetsero cha ku New York chija. Mnyamata wotsika basi pa Park Station ndi chikwama chimodzi amakumana ndi mzinda wina, wa lendi yodula, wa apolisi ofunsa mapepala, ndi wa zipolowe zonga za mu May 2008 zimene zidayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, boma la Malawi mpaka kutumiza mabasi okatenga nzika zake.

Chimene chingatengeke pa mbiriyi chili pafupi ndi kumudzi. Mabungwe ambiri agawa makina osokera kwa magulu a amayi ndi achinyamata, ndipo maphunziro ake amathera pa kudula yunifolomu ya sukulu, kupinda mpendero ndi kuika zipi. Mapeto ake matelala asanu amakhala pakhonde limodzi akusoka diresi yofanana, kulimbirana kasitomala mmodzi, pamene zidutswa za zitenje zogwa pansi pa makina zikusesedwa n'kutenthedwa madzulo. M'mabajeti a mapulojekiti otere mumapezeka makina, ulusi ndi mafuta, koma pensulo, mapepala ndi mphunzitsi wa zojambula sizipezekamo kawirikawiri. Chonsecho manja osoka bwino alipo ochuluka m'mudzi uliwonse, ndipo chimene chimasiyanitsa nsalu ya Mayi Zangewa ndi ya gulu lija la amayi a ku Gaborone ndi chojambula chimene chimayamba singano isanalowe.

Mudzi wa Hamburg m'chigawo cha Eastern Cape udaonetsa kuti zimenezi nzotheka pagulu. Mu 2000 Carol Hofmeyr, dokotala amene adaphunziranso zojambula, adayambitsa kumeneko ntchito ya Keiskamma Art Project pakati pa amayi ovutika ndi umphawi ndi Edzi. Ojambula a m'deralo ankayamba alemba chithunzi pansalu, amayi n'kumapeta pambuyo pake. Pofika 2004 amayi oposa 100 adali atamaliza nsalu yotalika mamita 120 yofotokoza mbiri ya chigawo chawo, ndipo idakapachikidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Cape Town.

Alimi nawo nkhaniyi ikuwakhudza. Gulu lopanga uchi, chiponde kapena ufa wa chinangwa likafikitsa katundu wake m'sitolo ya m'tauni, botolo lake limaima pashelefu imodzi ndi lochokera kunja, ndipo wogula amaona lebulo asanalawe za m'katimo. Masiku ano vuto la makina lachepa, popeza lebulo ingathe kukonzedwa pa kompyuta, ngakhale pa foni, n'kukasindikizidwa pa boma. Koma kompyuta sipatsa munthu diso lodziwa kuti zilembo zachuluka, kuti mitundu ikulimbana, kapena kuti njuchi yojambulidwayo ikuoneka ngati ntchentche. Amene angakonze lebulo ya gululo mwina ndi mwana yemwe uja akukalipiridwa chifukwa chodzaza kope la masamu ndi zithunzi za magalimoto ndi madiresi.

Mu 2023 kampani ya ku France ya Louis Vuitton idapempha akatswiri angapo kuti aliyense akongoletse chikwama cha m'manja cha mtundu wa Capucines. Mayi Zangewa adasankha nsalu yawo ya 2020 yotchedwa The Swimming Lesson, yoonetsa mwana wawo ali padziwe losambiramo. Amisiri a kampaniyo adasindikiza chithunzicho ndi makina, kenaka n'kuchipeta kuti ulusi uonekere monga umaonekera pansalu yeniyeniyo. Adapanga zikwama 200 zokha. Apa n'kuti patapita zaka 19 kuchokera pamene zikwama zitatu zija zosokedwa ndi manja zidalowa pampikisano ku Johannesburg.